Masamba Amene Ndinadumpha

Lolemba, 3 Juni

Tsiku lachisanu ndi chinayi Ababa ali m'chipatala. Sitiroko. Mbali ya kumanja yonse zii, pakamwa papindika, mawu sakutuluka. Phala: masupuni khumi ndi awiri m'mawa, asanu ndi atatu masana. Ndikulemba zonse.

Ndawabweretsera buku lawo lija, nkhani yakale imene anaphunzitsa kusekondale zaka makumi atatu. Chikuto chinathothoka kalekale. Banja losauka m'chipinda chimodzi cha lendi, bambo wochotsedwa ntchito, mayi wochapira anthu zovala, ana anayi. Ndawerenga masamba khumi. Diso lawo la kumanzere limanditsatira.

Bedi loyandikana kuli a Telala, odwala impso, pakamwa posapuma. Akuti, "Kwezani mawu mayi, enafenso tinabwera ndi makutu."

Lachitatu, 5 Juni

Kulabotale ndayeza botolo limodzi la madzi kawiri. Zaka khumi ndi zisanu pantchito, sizinandichitikirepo. Palibe waona. Ine ndaona.

Ndasuzumira kutsogolo m'buku. Mutu wachisanu ndi chiwiri, kamtsikana kotsiriza m'banjamo kamwalira ndi chifuwa. Masamba khumi ndi anayi a maliro okhaokha. Munthu ali gone chonchi ndimuwerengere zimenezo? Ndawapana pamodzi ndi kapini ka mapepala. Ndidumpha.

Lachinayi, 6 Juni

Ndadumpha bwinobwino, mawu osagwedezeka. Ababa anayamba kugogoda chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere. Ndinayesa akufuna kutaya madzi. Ayi. Ndinakonza pilo. Ayi. Ndinapitiriza kuwerenga, iwo nkutembenuzira nkhope kukhoma.

Phala: masupuni awiri.

Loweruka, 8 Juni

Dzulo sanadye. Lero sanadye. Milomo yauma, mano aluma. Adokotala akuti akapanda kudya pofika Lolemba masana, awaika paipi ya chakudya m'mphuno. Pamene Amayi ankadwala, Ababa anandigwira mkono pakhonde lomweli, nanditchula dzina langa: "Ine zamapaipi ayi, Pensulo. Wamva?" Ndinavomera. Tsopano fomu ikudikira siginecha yanga.

Achimwene pafoni: "Wophunzira ndiwe, uona chochita." Mphindi zitatu, foni thi.

Ndafufuza zonse. Zilonda m'kamwa palibe. Kutentha thupi palibe. Ndasintha supuni, ndasintha kapu. Nanga n'chiyani?

A Telala lero mawu atsika, koma chipongwe chilipo. "Kodi kamtsikana kachifuwa kaja kalowera kuti? Wolemba wakataya ngati batani?" Ndinati kanachira, kanapita kwa azakhali ake. Anati, "Bola." Ababa anatseka diso.

Lamlungu, 9 Juni

Bedi la a Telala lopanda nsalu. Matiresi apulasitiki, fungo la mankhwala okolopera. Apita m'bandakucha. Apita akudziwa kuti kamtsikana kanachira. Bodza langa ndi limene anyamula.

Akazi awo ndinawapeza akupinda zovala m'chikwama. Ndinangowagwirira chikwamacho. Potuluka anaima, nati, "Mwana wanga, bambo akowa sakukana phala. Akukana iwe. Ukamawerenga chala chawo chimaloza kachitsulo kali m'bukumo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo."

Munthu wophunzitsa buku zaka makumi atatu. Ndimati sazindikira? Ndawatenga ngati mwana. Ayi, ngati munthu woti wapita kale.

Manyazi.

Lolemba, 10 Juni

Ndapempha tchuti cha tsiku limodzi. Paipi, 2 koloko. Ndachotsa kapini 11 koloko, Ababa akuona.

Akazi a a Telala anabwera kudzatenga kalata ya imfa ku ofesi, nalowa kudzationa. Ndinawauza zoona, kuti kamtsikana sikanachire. Anakhala pa matiresi opanda nsalu aja. "Werenga timve."

M'mphepete mwa tsamba loyamba, pensulo ya Ababa, zilembo zawo zopendekera: Apa osathamanga.

Sindinathamange. Kamwalira, inde. Koma mutuwo si wa imfa yokha. Anzawo a pa lendi, omwe ankakangana nawo pampopi tsiku ndi tsiku, akulowa mmodzimmodzi. Wina ndi mpando, wina ndi kandulo, wina chimanjamanja, kungokhala pansi. Chipinda chodzaza mpaka bambo wa mwanayo akusowa poponda, naseka, misozi ili mbwee. Zimenezi ndi zimene ndinawabisira.

Ababa misozi diso limodzi, dzanja lamanzere lagwira diresi yanga. Mayi aja analira amuna awo koyamba ine ndikuona. Kenako anapukuta m'maso, natenga mbale pakabati. "Aphunzitsi, yasamulani, phala lazizira ili." Ababa anayasamula, nalandira phala.

Sanachire. Mawu kulibe, kumanja kuli chimodzimodzi. Mawa sindikudziwa.

2 koloko anamwino anafika ndi paipi m'thireyi. Anayang'ana mbale, nandifunsa kuti adya masupuni angati. Ndinatsegula kabuku kano. Tsamba la lero loyera. Ndinalibe nambala.