Dzina Lanu pa Pepala la Bambo

Achemwali a Masiye,

Kuno ku Mangochi tilipo, kaya inu ku Mzuzu. Musanabwere ku mwambo wa chiliza cha bambo, timvane kaye za munda wa ku Namwera ndi pepala limene mwaonetsa amalume.

Tili ana ku kampu ya asilikali, bambo anakulembetsani ngati mwana wawo kuti muzithandizidwa ku chipatala cha m'kampumo. Ankandiuza kuti, "Akakufunsa pageti, uziti ndi mkulu wako." Ndinkatero, koma ndikudziwa kuti ndinu mwana wa azakhali. Lero mukufunira munda pepala lomwelo.

Nditawauza amayi, sanadabwe. Anangoti, "Musiye, ali ndi gawo lake." Zaka zonsezi ndimayesa kuti ndinkanamiza asilikali.

Inu munadziwa liti kuti ndinu mwana weniweni wa bambo? Chonde ndiyankheni sabata ino, ndisanawafunsenso amayi.

Ine,
Rejoice