Buku la Olive Lisatsegulidwe

Masiphumelele, Cape Town
12 Julaye

Okondedwa achimwene a Donald,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti mvula ya kuno imabwera ndi chisanu, ndipo denga likudontha pamutu pa bedi penipeni.

Paja munkandiseka kuti wothirira maluwa a azungu angalembe chiyani. Buku latuluka achimwene, koma walira mvula walira matope. Mayi Jennie, amene ndimawasamalira maluwa ku Noordhoek, ali ndi kakampani kotulutsa mabuku a ana. Ataona nkhani zomwe ndimalembera mwana wanga Olive m'kope, anasankhapo imodzi, ya kamtsikana koopa gule panjira ya kusukulu. Anati tsamba lililonse likhale ndi mizere itatu yokha, zotsalazo zinene zithunzi. Ndinailemba kasanu ndi kawiri asanaivomere.

Chandipachika ndi pakamwa. Wojambula zithunzi, dzina lake Jerome, ankandifunsa za gule tikumwa tiyi, ine n'kumayankha zimene munthu wometa sayenera kuyankha. Ndinkati kuno n'kutali, akumva ndani? Iye, pofuna kuti ana asagone ndi mantha, anajambula patsamba lomaliza chilombo chitavula kumutu, nkhope ya bambo wa kamtsikanako ili poyera, akuseka. Tsiku limene anandionetsa zithunzi pakompyuta ndinangoona dzina langa pachikuto, mtima m'malere, n'kuvomera zonse osafika kumapeto. Patsamba loyamba ndinalembetsapo dzina la Olive ndi la mudzi wathu.

Nditadzaliona tsamba lomalizalo ndinapempha mayi Jennie kuti alichotse. Anadabwa, nati ndilo lokongola kuposa onse, komanso mabuku asindikizidwa kale. Ndi munthu wabwino, koma za kudambwe ndingawafotokozere bwanji?

Kumene amasindikizako, ku Kraaifontein, kumagwira ntchito a Brown a kutsidya kwa mtsinje aja, amene tinameta nawo chaka chimodzi. Lamlungu anandipeza pa renki ya mateksi ku Nyanga. Sanakalipe ngakhale pang'ono. Anandigulira chimanga chootcha, nanena kuti bukulo aliwerenga lonse, ndipo anzathu kumudzi alandira kale chithunzi cha tsambalo pafoni. Kenaka anafunsa ngati Olive akadali mu sitandade 4, ndiponso ngati amadzerabe njira ya kumanda popita kusukulu. Chimangacho sindinachidye. Ndili ndi mantha achimwene, sindibisa.

Pempho langa ndi limodzi. Lachinayi lapitali, ndisanalione tsambalo, ndinakulunga buku loyamba m'bulangete n'kulipereka kwa a lole yonyamula katundu wa kumudzi, dzina la Olive lili pamwamba. Loleyo imachedwa pachipata cha m'malire, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Layton amene akukwera basi mawa. Pafoni sindinafune kuzinena izi, foni yanu imagwiridwa ndi ambiri. Chonde kadikireni katunduyo pa Dedza, muchotse bukulo mulitenthe, ndipo Olive mum'tengere kwanu ku Lilongwe mpaka akuluakulu atanena cholipira. Mbuzi kapena nkhuku ndidzapereka. Amayi ake mungowauza kuti mwam'pezera malo kusukulu ya m'tauni.

Musazengereze. Olive ndinam'lonjeza kalekale kuti bambo ake adzam'tumizira buku la dzina lake, ndipo amayi ake akuti tsiku lililonse amakaima pamsewu kuwerenga malole. Mukum'dziwa mwanayo: kanthu katsopano sakhala nako yekha, amathamanga nako kukaonetsa ana onse a m'mudzi.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa alamu, kwa achemwali a Tabitha ndi amalume. Mayi musawauze kanthu, mtima wawo suli bwino.

Tsalani bwino, mundipempherere.

Ine mng'ono wanu,
Sosten