Bulauzi Yonyowa

14 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yayamba kukumverani. Ine ndili bwino, kungoti m'kalata yapita ija ndinakuuzani theka lokha. Zoonadi mayeso akuluakulu a udokotala wa ana ndinakhoza, ndinaposa onse. Koma pali pepala lina limene amalemba otiyang'anira m'wodi, lonena ngati munthu angasiyidwe yekha ndi ana odwala. Pa langa analembapo kuti, "Sanafikepo."

Analemba ndi dokotala wamkulu, mayi wamfupi amene timawatcha Achete chifukwa amangoima pambali, manja kumbuyo, osanena kanthu. Ndinafufuma sabata yathunthu, mumtima ndikuti nsanje basi.

Lachiwiri m'mawa anandipatsa khanda la milungu itatu kuti ndiliwone, iwo akuyang'ana. Thupi silinkatentha, magazi anali bwino, mwana ali gone pamiyendo pa mayi ake. Ndinati angathe kupita kwawo.

Achete anafunsa chapansipansi, "Adokotala, bulauzi ya mayiwa mwaiona?"

Inali yonyowa pachifuwa ponse, mkaka ukungotayika.

"Mayi, mwanayu wayamwa liti?"

"Dzulo masana. Ndikamuika akungolavula bere, ndiye ndimati mwina ndi tulo."

Bambo, ndinamuyezanso mwanayo msangamsanga. Mwana wachete uja anali ndi matenda oopsa m'magazi, amene makina anali asanawaonetse. Tinamuyambitsa mankhwala pompo, ndipo dzulo wayamwa mpaka kubyukula. Achete anaona zonsezi ali pakhomo, asanakhudze ndi fayilo yomwe. Sindinaonepo maso otere.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti iwo mayeso aja anakhoza bwanji. Anaseka. "Kachitatu, mwanawe. Koma usawanyoze, mankhwala aja wawatchula osatsegula buku. Amakhoza bwino ambiri ndi omwewo timawakhulupirira m'wodi. Iwe watsala maso okha."

Choncho ndikhala pansi pawo miyezi ina isanu ndi umodzi, ndipo ndapempha ndekha kuti asandisinthe. Anzanu aja mwawauza kale kuti ndamaliza, muwauze kuti mwana wanu akadaphunzira.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Amayi muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, ndipo muwafunse kuti pamene ndinali khanda, ankadziwa bwanji kuti ndadwala ndisanalire. Yankho lawo mulilembe lonse, musadumphe liwu.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira