Galu wa Ababa Wayamba Kudya Nsapato

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku lachisanu ababa ali m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja silikugwira, pakamwa papotoka, koma mutu uli bwinobwino. Ndawamwetsa tiyi ndisanapite kukaphunzitsa. Funso lawo loyamba: "Kaphulusa wadya?" Osati kufunsa za ine mwana wawo, ayi. Galu.

Pobwera ndapeza nsapato ya amuna anga, ija amavala kuofesi, ili pakati pa balaza. Kutsogolo konse kulibe. Kaphulusa ali pansi pa tebulo, mchira ukugunda. Miyezi isanu ndi iwiri tili naye, sanawonongepo ngakhale nsanza. Amuna anga anangoitola, kuiyang'ana, osanena kanthu. Akangokhala chete choncho ndiye kuti zavuta.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Lero lamba. Dzulo chogwirira cha chikwama changa. Koma mapilo, makatani, mawaya, zonsezo sakhudza. Mapatapata ali pomwepo pakhomo, sawanunkhiza n'komwe. Galu wosankha ngati kasitomala.

Amayi oyandikana nafe akuti ndipake tsabola pa nsapato. Ndapaka. Wanyambita, wayetsemula kawiri, wapitiriza ntchito yake.

Chipinda chakuseri, momwe ababa amasokeramo nsapato, ndinachikhoma tsiku lomwe anagwa. Muli nsapato za eni ake, mapeyala asanu ndi imodzi. Akangolowamo ameneyu, ine ndathera pomwepo. Kiyi ndikuyenda naye.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Tinamusiya womangirira pakhonde. Walira kuyambira m'mawa mpaka masana, akutero amayi aja, khanda lawo osagona. Kenako chingwe wadula. Wapita kukakukuta chitseko cha chipinda cha ababa, cha m'munsi. Bowo loti dzanja langa likulowa. Tizidutswa ta thabwa mbwee, m'kamwa mwake timagazi.

Amuna anga atsegula pakamwa tsopano. Mnzawo wakuntchito ali ndi mpanda waukulu, akufuna galu. Abwera ndi galimoto Loweruka la sabata yamawa. Sindinganene kuti ndi nkhanza. Nyumba si yathu, chitseko ndi cha eni nyumba. Koma ababa ndikawauza kuti chiyani? Chimwalirireni amayi anga, wocheza nawo tsiku lonse ndi kagalu komweka. Ndikuopa kuti akamva, mtima wofuna kuchira uwathera.

Ndalira m'bafa, mpopi uli wotsegula.

Lolemba, 11 Ogasiti

Loweruka ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto. Mano ali bwino, njoka za m'mimba alibe. Akuti ndi kusungulumwa basi. Galu wozolowera munthu tsiku lonse, mwadzidzidzi yekhayekha. Ndizimuyendetsa m'mawa kuti atope, ndimusiyire chotafuna, ndipo pobwera ndisamamukwapule chifukwa sadziwanso chomwe akukwapulidwira.

Ndinagula fupa la labala, lofiira, lolira ukalifinya. Lero m'mawa tazungulira msewu wathu katatu. Wotopa ndine, wefuwefu, iye akufuna kachinayi. Pobwera kusukulu fupa lili pomwe ndinalisiya. Bowo lakula.

Amayi aja akuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndawayankha kuti uyu si wamkota, ndi mwana wopanda nzeru.

Kuchipatala ndanama. Ndati ali bwino, ndi galu waulemu. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Walowa! Bowo lamukwana. Ndatsegula chitseko msangamsanga.

Nsapato za eni ake zonse zili pamzere pansi monga ababa anazisiyira. Palibe ngakhale imodzi ya dzino. Iye wagona kunsi kwa benchi, chitini chakale cha penti wachigudubuza, akutafuna kachidutswa ka chikopa, maso ali tsinzi. Koma abale!

Madzulo ndaulula zonse kwa ababa, kupatula za galimoto. Aseka mpaka namwino kubwera kudzasuzumira. Kani m'mawa uliwonse asanagwire singano amatenga kachikopa kotsala podula, m'chitinimo, n'kumuponyera. Kena masana. "Ine ndisoka, iye atafuna. Ntchito yake ndi imeneyo." Akuti za pamzere amadziwa kuti n'za eni ake, anamuphunzitsa ali kakang'ono.

Ndiye anandifunsa ngati ndinakhoma chitseko. Ndinavomera. "Mwana iwe, unamutsekera kuntchito."

Masabata awiri ndikulimbana ndi tsabola, chingwe, fupa lolira. Chonsecho kiyi ali m'chikwama changa. Manyazi andigwira. Dokotala wa ziweto akamva za zikopazi akomoka, ndikamufunsabe ngati sizipweteka m'mimba.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Chitseko ndasiya chotsegula, wailesi ya ababa ikulira pang'onopang'ono, kachikopa kamodzi pansi pa benchi. Pobwera nyumba yonse ili bwino. Ndazungulira zipinda zonse kawiri, osakhulupirira.

Amuna anga akuti tsiku limodzi si umboni, ndiponso mnzawoyo anamulonjeza kale, mwamuna sabweza mawu. Kenako: "Nanga chitinicho chikatha?" Ndakasuzumira m'chitinimo. Mwatsala tizidutswa tongokwana m'manja.

Ababa atuluka mawa. Adokotala anandiitanira pambali. Miyendo ibwerera, kuyankhula kubwerera. Dzanja tisayembekezere zambiri. Ababa sanauzidwe. Za galimoto ndawauza lero, ndatopa ndi kunama. Anangoti, "Chabwino."

Loweruka, 16 Ogasiti

Galimoto inafika cha m'ma teni. Ababa anali atandiuza kale kuti ndiwatulutsire mpando pakhonde, ndiwaveke jekete. Kaphulusa pakati pa miyendo yawo. Chifikireni dzulo sanawasiye, ngakhale kuchimbudzi amawadikira pakhomo.

Amuna anga anabwera ndi chingwe. Ababa anayankhula pang'onopang'ono, mawu akukoka: "Apongozi, galuyu ndinamuphunzitsa ndine kudya chikopa. Wolakwa ndine. Ngati m'galimotomo muli malo a wolakwa, ndikwezeni ine."

Amuna anga anaima pamenepo, chingwe chili m'manja. Kenako anapita kugeti. Zomwe anakambirana ndi mnzawoyo sindinamve. Galimoto inabwerera yopanda galu. Polowa anangoti chitseko akonza okha mawa.

Masana ababa anati ndiwaperekeze kuchipinda chawo. Anakhala pabenchi, kutenga mpeni ndi dzanja lamanzere kuti amudulire Kaphulusa kachikopa. Chikopa chikuterereka. Kachiwiri. Kachitatu mpeni unagwa. Anayang'ana dzanja lamanja lili pabondo, kwa nthawi yaitali. Akudziwa. Sindinafunike kuwauza.

Ndinatola mpeni kuti ndiubise. Iwo anati ayi, ndigwire bwino, chala chisatsogole. Ndinadula kokhotakhota, iwo n'kuponya pansi. Galu sanaone vuto.

Ndimayesa tamaliza. Ndangoona akukankha ndi phazi peyala yoyamba ya pamzere, kubwera nayo kwa ine. Ya aphunzitsi anzanga, chidendene chinamatuka. Akuti mwini wake wadikira mokwanira. Ine chibadwire sindinasokepo ngakhale batani lowongoka.

Akundiitananso. Akuti ndisiye zolembalemba, guluu akuuma.