Kalata yokhayo imene apongozi analembadi, mpingo wati ndi yabodza

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, wapabanja, ndipo ndimagwira ntchito yotayipa pa kashopu kokopa mapepala. Ndakulemberani chifukwa Loweruka likubwerali amunanga akaonekera ku komiti ya kumpingo pa mlandu umene sanapalamule. Wopalamula ndine, koma palibe akudziwa. Nkhaniyi ikundidetsa nkhawa, komabe ndikakumbukira mmene zinayambira ndimapezeka ndikuseka ndekha kuseri kwa makina.

Apongozi anga aamuna ndi mkulu wa mpingo, ndipo amayang'anira nthambi zathu zisanu. Asanapume pantchito anali woyang'anira akaidi kundende. Ntchito anasiya, koma mawu a kuntchito aja anabwera nawo kunyumba. Akangoti mwadzuka bwanji, umayamba kukumbukira zimene unalakwa dzulo. Zaka zitatu zapitazo maso awo anachita ng'ala, kuyenda maulendo kunavuta, kulemba nakonso kunavuta. Popeza timakhala nyumba imodzi chimwalirireni apongozi aakazi, anasankha ine kuti ndikhale mlembi wawo. Ndinayesa kukana mwaulemu, koma anandiuza kuti ngakhale mtumwi Paulo sankagwira yekha cholembera. Ankayankhula, wina n'kumalemba, iye n'kungoika dzanja lake kumapeto. Ndiye ine ndinali ndani kuti ndikane?

Tsono Loweruka lililonse masana, amunanga ali kukonzekera nyimbo ku kwaya, ndimakhala pa tebulo la pabalaza ndi laputopu. Apongozi amayendayenda kuchokera pawindo kukafika pa kabati ya mbale, manja kumbuyo, akukalipira anthu amene palibe. Kalata yoyamba inali yopita ku nthambi ya kuseri kwa msika, kumene amayi awiri anasiya kuyankhulana chifukwa cha mtundu wa nsalu ya paguwa. Wina ankafuna yofiirira, wina yobiriwira, ndipo mpingo wonse unagawikana, ena mabenchi a kumanja, ena a kumanzere. Apongozi anayamba chonchi: "Lembani, mayi. Inu anthu ouma mitu, makutu anuwo munapatsidwa kuti muzikolekapo magalasi basi?"

Aphungu, zala zanga zinakana. Mmodzi wa amayi aja anali atangoika amuna awo m'manda mwezi womwewo, ndipo nsalu yobiriwirayo anagula ndi malemuwo. Apongozi sankadziwa zimenezo, ine ndinkadziwa. Ndinangopezeka ndalemba kuti abale okondedwa, ndimakukumbukirani masiku onse, ndipo zandimvetsa chisoni kuti nsalu yalekanitsa anthu amene analira limodzi pamaliro posachedwapa. Ndinapempha kuti nsalu ziwirizo aziziyala mosinthana. Nditafunsa ngati ndiwawerengere, anati zimene anena anena, iwo si wailesi yobwereza nkhani. Anasayina ndi zilembo zikuluzikulu zodumpha mzere, akunyadira kuti nayenso Paulo zilembo zake zinali zotero.

Sabata yotsatira amayi awiri aja anabwera limodzi kunyumba kudzathokoza, misozi ili mbwembwembwe. Apongozi anawalandira modabwa pang'ono. Alendo atapita anatembenukira kwa ine: "Mwaona, mayi? Munthu amafuna mawu olimba."

Kuyambira pamenepo sindinathenso kusiya. Iwo akati ndikabwera kumeneko mudzandidziwa, ine ndimalemba kuti ndikulakalaka kudzakuonani. Akati aulesi inu, ndimalemba kuti ndikudziwa mwatopa, koma tiyeni tilimbike. Mfundo yawo sindinkaitaya ayi, ndinkangoichotsa minga. M'zaka zitatu talemba makalata 41. Amawerengedwa paguwa, ena anthu anawaika m'mafelemu, ndipo ku nthambi ina banja linapatsa mwana dzina la apongozi. Anthu amati mkuluyu ukakumana naye ndi woopsa, koma papepala ndiye pamaonekera mtima wake weniweni.

Mwezi watha ndinapita kuchipatala kukachira, ndipo ndinakhalako masiku asanu ndi anayi chifukwa ndinachira mwa opareshoni. Nthawi yomweyo ku nthambi ya pafupi ndi depoti kunabuka nkhani ya kiyibodi. Achinyamata ankailiza mokweza mpaka akuluakulu kumakapempherera panja pamthunzi. Apongozi sanathe kundidikira. Anaitana amunanga kuti alembe. Amunanga ndi okonza mafiriji ndiponso otsogolera kwaya, munthu wowongoka amene sadziwa kukhota. Analemba liwu ndi liwu, moti ndikukhulupirira kuti pamene bambo awo anatsokomola, iwo anasiyapo mpata. Kalatayo inati achinyamata ndi achule a m'dzinja, ndipo akuluakulu ndi mabenchi ovala majekete.

Itawerengedwa ku depoti, mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti kalata imeneyo si ya mkulu wathu, chifukwa mkulu wathu salemba chomwecho. Achule ndi mabenchi omwe anagwirizana nthawi yomweyo, koyamba chiyambire mkangano wa kiyibodi.

Apa m'pamene panalowerera mphunzitsi wina wa kumpingo kwathu amene timangowatcha a Chigiriki, chifukwa anachita maphunziro a Malemba kwa miyezi itatu ndipo amadziwa mawu anayi a chiyankhulo chimenecho. Iwowa Lachitatu lililonse amatiphunzitsa za makalata a atumwi. Amati pali makalata ena amene akatswiri amatsutsana ngati analembadi ndi munthu amene dzina lake lili pamwamba, kuti kalata ya kwa Ahebri ilibe ndi dzina lomwe, ndi kuti wolemba aliyense amagwidwa ndi mawu amene amawakonda. Kunena zoona, ambiri timawodzera pa phunziro limeneli. Tsono atamva za ku depoti anaona kuti tsiku lawo lafika. Anasonkhanitsa makalata onse 41, n'kukhala nawo sabata yathunthu ndi zolembera za mitundu itatu. Lipoti lawo linati mawu oti okondedwa akupezeka ka 96 m'makalata enieni koma m'kalata ya ku depoti mulibe, ndipo achule sanatchulidwepo n'kale lonse. Anamaliza ndi kunena kuti kalata ya ku depoti ndi yachinyengo, ndipo wachinyengoyo ayenera kukhala wa m'nyumba momwemo, wodana ndi kiyibodi. Ndani sadziwa kuti amunanga amakonda kwaya yoimba ndi pakamwa pokha?

Apongozi atamva anapsa mtima koopsa. Anatenga ndodo yawo n'kupita ku komiti, kukanena kuti kalatayo ndi yawo, mawu onse ndi awo, achule ndi awo, mabenchi ndi awo. Aphungu, anthu anagwetsa misozi. Anati taonani chikondi cha kholo, akudziveka mlandu kuti abise mwana wawo, ndendende munthu wa m'makalata uja. Akamakweza mawu, anthu n'kumagwedeza mitu mwachifundo. Wapampando mpaka anawapatsa madzi akumwa n'kuwasisita paphewa. Anabwerera kunyumba, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanandiitanenso kuti ndilembe. Amangokhala pakhonde, nkhope atalozetsa kumene ndikudutsira.

Amunanga awaimitsa kaye kutsogolera kwaya, ntchito imene aigwira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Loweruka komiti ikagamula ngati awaike pa chilango. Anthu ena asiya kuwaitana kukakonza mafiriji. Dzulo ndikuyamwitsa, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundifunsa motsitsa mawu: "Amake mwana, kodi bambo akamakuuzani zolemba inuyo amakhala ofatsa? Nanga bwanji ndi ine anali ngati ali pa foleni ya akaidi?" Ndinati mwana wadziipitsira, n'kutuluka naye. Mwanayo anali wouma bwinobwino.

Ndikaulula, apongozi achita manyazi pamaso pa nthambi zisanu, ndipo amene anaika makalata m'mafelemu adziwa kuti poyamba anali otukwanidwa. Ndikakhala chete, amunanga alangidwa chifukwa chokhala wokhulupirika. Ndilinso ndi funso limene likundisowetsa mtendere: makalata 41 aja ndi a ndani? Ngati Paulo anali ndi mlembi, kodi mlembiyo sankachotsako minga pang'ono? Ndithandizeni, masiku atha.

Ine,
T.M.N.
Tawuni ndabisa dala, a Chigiriki amawerenga tsamba lino.

Mayi T.M.N.,

Ndakondwera kumva kuti munachira bwino, mwana akule ndi thanzi. Koma tawuni mwabisa, achule simunabise, ndipo sindikhulupirira kuti pali mipingo iwiri imene ikukangana za achule mwezi uno. Nthawi imene muli nayo ndi yochepa kuposa mmene mukuganizira.

Ndiyambe ndi Paulo, chifukwa ndikuona kuti mukufuna kubisala kumbuyo kwake. N'zoona kuti makalata ambiri aja ankanenedwa pakamwa wina akulemba. Sanalembedwe kuti akongoletse khoma. Ankapita kwa anthu enieni amene anali pa mavuto enieni: kwina anagawikana chifukwa cha atsogoleri, kwina ankadya pamsonkhano osadikira anzawo, kwinanso kunali amayi awiri osamvana ngati anu aja. Munthu wodalirika ankanyamula kalatayo, ndipo inkawerengedwa mokweza onse akumva. Kuti mlembi ankaloledwa kusalaza mawu mpaka pati, akatswiri akutsutsanabe, ndipo si ine wogamula. Koma onani ichi. Mlembi wa kalata ya kwa Aroma anadzitchula dzina chakumapeto, n'kupereka moni wakewake. M'makalata ena, mayina a anzake a Paulo amene anali naye ali pamwamba penipeni. Mwini kalata ankadziwa amene wagwira cholembera, olandira nawonso ankadziwa. Inu mwabisa dzanja lanu zaka zitatu, ndipo munabisira ndi mwini kalata yemwe.

Komanso kalata siikhala yabodza chifukwa choti yakalipa. Mtumwi yemweyo kwina analemba mwachikondi chogwetsa misozi, kwina anangofikira kuwadzudzula anthu osayamba ndi kuthokoza komwe. A Chigiriki musawaseke kwambiri. Anapezadi kuti alembi ndi awiri. Anangophonya kuti wosintha mawu ndi uti.

Mtima wanu ndauona, ndi wabwino. Munateteza mayi wamasiye ku mawu amene akanamupweteka, ndipo mwayanjanitsa anthu ambiri. Koma munatenganso siginecha ya munthu wosaona bwino n'kuiika pansi pa mawu amene sananene. Tsiku loyamba lija mukanangoti bambo, nsaluyo anagula ndi malemu, mwina akanafewa okha. Mwayi umenewo simunawapatse, ndipo lero ndi nkhalamba imene ikunena zoona anthu n'kumaipatsa madzi.

Uzani amuna anu lero, mwana ali wouma kapena ayi. Akwiya, alekeni akwiye. Munthu amene walandidwa kwaya yake chifukwa cha inu ali ndi ufulu wokwiya tsiku limodzi kapena awiri. Kenako nonse awiri mukhale pansi ndi apongozi, popanda mlendo. Tengani makalata atatu, muwawerengere mokweza kuyambira ndi ya nsalu ija, n'kuwauza zimene munkadziwa koma simunanene. Ndikukayika ngati adabwe kwambiri. Munthu amene anakhala ndi akaidi moyo wake wonse amadziwa akazemberedwa. Kukhala chete pakhonde kuja akudikira kuti muyambe ndinu.

Ku komiti apongozi ndiwo akayankhule, inu mutakhala pambali pawo kuti muvomereze mbali yanu. Sikofunika kukatchula liwu lililonse limene munachotsa. Amayi a nsalu aja sapindula kanthu pomva za makutu ndi magalasi. Chokwanira n'chakuti mfundo zinali za apongozi, mawu ofewa anali anu iwo osadziwa, ndipo mwana wawo analemba zimene anauzidwa. Amuna anu ayeretsedwe pamaso pa anthu omwe aja anamva akunenezedwa, osati kuseri. Za ku depoti, apongozi akapepese okha chifukwa cha mayina anapatsa anthu, ngakhale kuti kiyibodiyo ndiyofunikadi kuichepetsa.

Mwafunsa kuti makalata 41 ndi a ndani. Ndi a nonse awiri, ndipo aliyense payekha sakanatha kuwalemba. Ngati apongozi angafunebe kuti muziwalembera, muziwerenga mokweza asanasayine, mawu amene simukugwirizana nawo muziwakana pamaso pawo, ndipo dzina lanu lizilembedwa pansi.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa anthu a luso ngati lanu ndimawadziwa. Mukangomaliza kuwerenga yankho langali mufuna kutsegula laputopu kuti mulembe kalata yokoma yopepesa, yoti aliyense alire n'kuiwala kufunsa mafunso. Musayerekeze. Nkhani iyi ikufuna pakamwa panu, anthuwo mukuwayang'ana. Ndipo zimene adzayankhe apongozi mudzazilandire mmene zatulukira, osasalaza ngakhale liwu limodzi.

Aphungu