Chigamba Chofiira pa Posita

Wojambula 08:14
madam mwasintha mawu anga pa posita. musakane, ndaiona ndi maso angawa pa khoma la pa siteji

Wojambula 08:15
ine ndinalemba KUVUTIKA MAGANIZO SI MANYAZI. inu mwasindikiza MISALA IMACHIRA

Madam 08:41
Mwadzuka bwanji kaye? Komiti ya bungwe inati mawu anu atalika, munthu ali m'basi sangawerenge. Misala aliyense amaidziwa.

Wojambula 08:42
eya amaidziwa. ndi mawu omwe ana amakuwa akamagenda munthu

Wojambula 08:43
ali pa chithunzipo ndi achimwene anga, bere limodzi. anavomera coz ndinawawerengera mawu aja katatu

Madam 08:50
Koma nkhope sikuoneka, munawajambula chakumsana.

Wojambula 08:50
ovololo ija ili ndi chigamba chofiira paphewa. ku galaja kwawo ngakhale galu amachidziwa

Madam 08:52
Ndili mu meeting, tikambabe.

Wojambula 10:27
mverani izi. ndi mlamu wanga, akazi awo

Wojambula 10:27
🎤 uthenga wa mawu, 0:31
"Alamu, anzawo amatula posita ija aimata pa chitseko cha galaja. Abwana awo awalanda masipanala, akuti wamisala asagwire mabuleki a anthu. Achimwene anuwo abwera kuno, avula ovololo, aipinda bwinobwino pampando, atuluka. Foni aisiya patebulo."

Wojambula 10:29
miyezi 8 akumwa mankhwala mwakachetechete, ntchito osajomba. sabata yatha ndi pomwe ndinawamva akuseka

Wojambula 11:05
madam??

Madam 12:16
Pepani kwambiri. Maposita afika kale m'masukulu ndi m'zipatala. Kuchotsa mpaka komiti ikumane Lachisanu. Titha kuwapezera uphungu.

Wojambula 12:17
uphungu kkkk. mwatentha nyumba nkumatipatsa madzi a m'kapu

Madam 12:19
Chepetsani mkwiyo. Cholinga chathu chinali chabwino.

Wojambula 12:20
changanso chinali chabwino. ndine ndinawanyengerera, ndinati achimwene muthandiza ena

Wojambula 13:34
ndamatula maposita 7, zikhadabo zatha. glue wanu ndi wolimba kuposa pepani wanu

Wojambula 13:36
pamene ndimamatula ya pa siteji kondakitala wina akuti asiyeni awa, ndi omwe akunenedwa pamenepo. basi yonse kuseka

Wojambula 14:48
ku galaja kulibe. kwa anzawo kulibe. ku chipatala akuti lero sanawaone

Wojambula 14:49
📞 foni yosayankhidwa

Wojambula 14:51
📞 foni yosayankhidwa

Wojambula 15:20
mlamu wanga waima pa geti chiimire, safuna kulowa. akundifunsa dzina la munthu amene anasankha mawu aja

Wojambula 15:21
musati komiti. komiti ilibe pakamwa, alipo anayamba kutchula

Wojambula 15:40
ndikuona kuti mwawerenga madam. ndani? ndiyankheni