Ambulera Ndinaipinda

Msuweni,

...ndiye bambo uja, mlakatuli wa ndevu zofika pamchombo, analowa mosindikizira mabuku mwathu muja kudzatenga makadi ake. Pepa, ndaiwala moni. Alamu ndi ana ali bwanji? Ine ndanenepa moti pakhomo ndikumalowa cham'mbali.

Mkuluyu amalemba ndakatulo zooneka ngati zinthu. Ya pamakadiyi mawu ake anawayala ngati ambulera, zilembo za mawu oti "mvula" zikugwa chimodzichimodzi m'mbali mwake. Ine poona zilembo zili balala ngati anapiye aona kabawi, ndinati kompyuta yadwala. Ndinazitolera zonse n'kuzifoletsa pamzere, mwaudongo. Umandidziwa, sindigwira ntchito yoyerekeza.

Atayang'ana khadi anafunsa, "Ambulera yanga ili kuti?"

Ndinati, "Ndaipinda, bambo. M'nyumba muno simukugwa mvula."

Anaseka mpaka kugwira tebulo! Abwana anati ndachita zazikulu, ndiyambe ndakapuma kunyumba, adzandiimbira okha. Foni yanga ndi yabwinobwino, kungoti sinalirebe.

Kodi kachipinda kakuseri kaja mukusungiramobe njinga? Ndangofunsa chabe.

Ndine msuweni wako,
Katswiri

Zakuti anaseka zija ndangowonjezera. Sanaseke.